Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Mphere Ikufika Mpaka ku Mtima

Olemekezeka a Nduna,

Mukudziwa kuti mu 2017 bungwe la WHO linaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa, ndipo mu May 2018 maiko a m'bungweli anagwirizana zothana ndi matenda owononga mavavu a mtima. Zaka zadutsa, koma m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi mphere ikutengedwabe ngati kanthu ka ana osasamba. Kuchepsa kumeneku n'kumene kwanditopetsa.

Mwana wa mphere amadzikanda usiku wonse mpaka pakati pa zala ndi m'zigongono mutuluka zilonda za mafinya. Pazilondapo ndi pamene tizilombo ta Staphylococcus aureus timalowera m'magazi, n'kukamera pa mavavu a mtima, makamaka amene anawonongeka kale. Wodwala amatentha thupi kwa masabata, amaonda, amabanika, miyendo n'kutupa. Pakiliniki yopanda makina ounikira mtima amamuyeza malungo, kumupatsa panado, basi abwerere kwawo. Matenda a mtimawa akadziwika, pamafunika mankhwala a m'mitsempha kwa masabata 4 mpaka 6, mwinanso opaleshoni. Kafukufuku wa ana asukulu a ku Lusaka, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti pafupifupi 12 mwa ana 1,000 alionse ali ndi mavavu owonongeka. Ngati zili choncho ku Lusaka komwe madokotala ali pafupi, nanga ku Vubwi?

Mudzati malungo, TB ndi HIV ndiwo akupha ambiri. N'zoona, koma kuchiza mphere sikulanda matenda amenewo ndalama zambiri. Ku Fiji, kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anaonetsa kuti kumwetsa mudzi wonse ivermectin kunachepetsa mphere ndi 94 peresenti, zilonda za mafinya nazonso zinatsika kwambiri. Mudzatinso tili ndi National Heart Hospital ku Lusaka. Kuchoka ku Katete kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo mlimi amagulitsa mbuzi ndi chimanga cha banja kuti akafikeko ndi mwana amene mtima wake watha kale.

Choncho a Nduna, ivermectin, benzyl benzoate ndi jakisoni wa penisilini zisamasowe pakiliniki iliyonse. Mphere ikapezeka, achizidwe onse a m'nyumbamo tsiku limodzi, sukulu nazonso ziyenderedwe. Zipatala za St Francis ku Katete ndi Nyanje ku Sinda zithandizidwe ndi makina ounikira mtima komanso anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito. Tiuzeni poyera ndalama zimene mwaika pa ntchitoyi m'maboma atatuwa, ndi mwezi umene iyambike.

Ine,
Nzika yokhudzidwa ya ku Chigawo cha Kum'mawa