Makina a ku Blantyre anaona chimene chimapha mwana wa malungo a mu ubongo

Mwana akatentha thupi, n'kuyamba kugwedezeka, kenako n'kukomoka osadzuka, pamudzi pamabuka mawu ambiri. Wina amati walodzedwa. Wina amati ndi matenda a kumtundu. Bambo amati tidikire kuche. Kawirikawiri amenewa ndi malungo amene afika mu ubongo. Madokotala anawadziwa kalekale, koma kwa zaka zambiri sankadziwa bwino chifukwa chake ana ena amasiya kupuma ngakhale alandira mankhwala.

Yankho linapezeka kufupi ndi kwathu kuno, ku Malawi. M'chaka cha 2008, ku chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre kunafika makina otchedwa MRI. Pa Chipwitikizi amati ressonância magnética.

Makina amenewa ndi osiyana ndi raio-X imene ambiri timaidziwa. Raio-X imaonetsa bwino mafupa. MRI imaonetsa ziwalo zofewa, monga ubongo. M'kati mwake muli maginito wamphamvu kwambiri. Mbali yaikulu ya thupi lathu ndi madzi. Maginito ndi mafunde a wailesi amachititsa tinthu tating'ono ta m'madziwo kutumiza chizindikiro, ndipo kompyuta imasandutsa chizindikirocho kukhala chithunzi. Munthu amangogona osagwedezeka, atachotsa chitsulo chilichonse monga ndolo, makiyi ndi ndalama. Makinawo amasokosa, koma sacheka munthu, ndipo sapopa magazi. Izi muwauze amene amaopa.

Madokotala Terrie Taylor ndi Karl Seydel, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, anajambula mitu ya ana 168 okomoka ndi malungo. Ana 25 anamwalira. Mwa iwo, 21 ubongo wawo unali wotupa kwambiri. Chibade ndi fupa, sichikula kuti chipereke malo. Ubongo ukatupa umapanikiza gawo limene limayendetsa kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma. Koma taonani ichi: mwa ana amene anachira, ena analinso otupa ubongo, ndipo kutupako kunaphwa. Zimenezi zinalengezedwa mu 2015.

Alipo amene amati makina odula chonchi n'kutaya ndalama, pamene zipatala zing'onozing'ono zimasowa mankhwala. Dandaulo lawo ndi lomveka, koma ine sindigwirizana nawo. Malungo a mu ubongo amapha ana athu, osati ana a ku Europa. Bwenzi ndani atafufuza, makinawo akanapanda kubwera kumene kuli matendawo? Ndipo makolo amene analola kuti ana awo ajambulidwe anali anthu ngati ife, olankhula chinenero chomwechi.

Sindikupempha MRI ku Tsangano kapena ku Furancungo. Chimene tifunika kufunsa akuluakulu a boma pa misonkhano ndi chapafupi: kodi zipangizo zoyezera malungo zilipo? Mankhwala alipo? Ambulansi ili ndi mafuta? Msewu ukudutsika nthawi ya dzinja? Mwana wotupa ubongo sadikira matope kuti aume.

Kunyumba nakonso kuli ntchito yathu. Kuzizira kwa kumapiri kuno kusatinamize, malungo aliko, makamaka mvula ikagwa. Mwana agone m'neti usiku uliwonse. Akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Akagwedezeka, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, kapena akamavuta kudzutsa, nyamukani pomwepo ngakhale pakati pa usiku. Ngati chipatala chili kutali, dzerani kwa APE wa m'mudzi mwanu kuti apereke thandizo loyamba, kenako pitirizani ulendo. Mwana wokomoka musamumwetse madzi kapena mankhwala pakamwa, chifukwa angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali mpaka mufike.