ZA KANEMA WA BWANA NOTCUTT

Akhristu anzanga a ku Nkhunga, masiku aja makampani aakulu a ku Hollywood anali mafumu a kanema, Major L. A. Notcutt, amene kale anayang'anira minda ya khonje, anayesa kupanga kanema wa Aafrika popanda kampani yotere. Kuyambira 1935 kufikira 1937, iye ndi anzake anakonza zithunzi zoyenda 35 ku Vugiri m'Tanganyika, osewera ake ali anthu akuda. Anaziyendetsa pa galimoto mpaka m'dziko lathu lino, mawu ake akutuluka m'galamafoni. Zinaphunzitsa za njoka zam'mimba, za msonkho, ndi za kusunga ndalama ku Positi.

Koma chuma chake chinali cha eni, makamaka cha bungwe la Carnegie la ku America. Chitaphwa, ntchito inafa, ndipo mwa zithunzi zonse zija zatsala zitatu zokha.

Akulu anati, nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Tchalitchi chathu ndi sukulu yathu zikatsamira thumba la ku Ulaya lokha, zidzatero nazonso. Tsono pokolola mpunga ndi pogulitsa usipa, musaiwale mtulo wa Mpingo. Mulungu akudalitseni.