Kandodo ka Brainspotting kayambe kayesedwa tisanakakhulupirire

M'chipinda chabata muli anthu awiri. Mmodzi wavala mahedifoni, ndipo nyimbo yapansipansi ikumveka kukhutu lamanzere, kenako lamanja, n'kubwereranso. Winayo wagwira kandodo konga kamene aphunzitsi amalozera pabolodi, ndipo akukayendetsa pang'onopang'ono patsogolo pa maso a mnzakeyo. Wamupempha kuti akumbukire chinthu chimene chimamusowetsa tulo, ndi kunena pamene akumva kulemera m'thupi, kaya ndi pachifuwa, pakhosi kapena m'mimba. Kandodo kakafika pamene maso aphethira modabwitsa kapena kupuma kwasintha, amakaimitsa, ndipo wothandizidwayo amayang'anitsitsa pomwepo kwa nthawi yaitali, misozi n'kuyamba kutsika. Njirayi imatchedwa Brainspotting, ndipo eni ake amati imapoletsa mabala a mumtima amene munthu amatsala nawo akapulumuka zoopsa. Maganizo anga ndi akuti muli zabwino m'chipindamo, koma mfundo imene njirayi yatsamirapo, yakuti pamene diso laima ndi pamene pali khomo lofikira pa bala la muubongo, sinatsimikizidwe, ndipo munthu wovutika sayenera kuuzidwa kuti ndi mankhwala odziwika.

Mwini njirayi ndi David Grand, mlangizi wa za maganizo wa ku New York. Iye ankagwiritsa ntchito EMDR, njira imene Francine Shapiro adayambitsa mu 1987, momwe wodwala amakumbukira zoopsa uku akutsatira ndi maso chala chimene chikuyenda uku ndi uku. Mu 2003 Grand ankathandiza mtsikana wa zaka 16 wochita masewera otsetsereka pa madzi oundana, amene ankalephera kudumpha mtundu wina wa mdumpho. Akuti chala chitafika pamalo ena maso a mtsikanayo adagwedezeka, iye n'kuimitsa chalacho, ndipo zokumbukira zowawa zidayamba kutuluka motsatizana. M'mawa mwake mtsikanayo adadumpha bwinobwino. Nkhaniyi ndi yokhudza mtima, ndipo palibe chifukwa chomukayikira kuti adaona zimenezo. Koma ndi nkhani ya munthu mmodzi, yosimbidwa ndi amene adamuthandiza. Mu 2013 Grand adatulutsa buku lofotokoza njirayi, ndipo chaka chomwecho iye ndi dokotala wa ku Scotland, Frank Corrigan, adalemba maganizo awo oti kuimitsa maso kumafika m'zigawo zam'kati mwa ubongo. Adawasindikiza m'magazini yotchedwa Medical Hypotheses, imene ntchito yake ndi kutulutsa maganizo oyembekezera kuyesedwa.

Wina anena kuti anthu ambiri akuchitira umboni kuti adachira, ndiye tikufunanso chiyani? Umboni wawo ndi wofunika kuumva mwaulemu, chifukwa amene wagona tulo patatha zaka sanganamize mtima wake. Koma taganizani zimene zikuchitika m'chipinda chija. Munthu amene kwa nthawi yaitali wakhala akuthawa chikumbukiro chake wakhala pansi n'kuchiyang'ana maso ndi maso, pamalo otetezeka, pali wina amene akumumvetsera ndi mtima wonse osamudula mawu kapena kumuweruza. Zimenezi pazokha n'zodziwika kale kuti zimathandiza, ndipo ndiwo msana wa njira zambiri zochizira PTSD, matenda a maganizo amene amagwira munthu akapulumuka zoopsa. Kuti tidziwe ngati kandodo kakuwonjezerapo kanthu, pamafunika kugawa odwala ambiri m'magulu mwamaere, ena ayang'ane pamalo amene akuti ndi enieni, ena pamalo aliwonse, ndipo woyeza zotsatira asadziwe kuti uyu adali gulu liti. Kafukufuku wa Brainspotting amene alipo ndi wochepa ndiponso wa anthu ochepa, ndipo pa wina wotchulidwa kawirikawiri, wa mu 2017, Grand mwiniyo ndi mmodzi wa olemba. Mwini munda akamayamikira chimanga chake sikuti akunama, komabe wogula amafuna sikelo.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi chakuti EMDR nayo idasekedwa poyamba, koma lero ndi yovomerezeka. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti kukana chinthu chifukwa choti n'chachilendo ndi umbuli. Koma EMDR sidavomerezedwe chifukwa cha nkhani zokoma. Idayesedwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 20, ndi anthu oikonda komanso oikayikira, mpaka mu 2013 bungwe la World Health Organization lidaiika pamodzi ndi uphungu wa CBT (wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe) wolunjika pa zoopsa monga njira zothandizira odwala PTSD, ndipo bungwe la NICE la ku Britain lidaisunga m'malangizo ake a 2018. Ngakhale pamenepo mkangano wa maso sudathe. Mu 2001 ofufuza Davidson ndi Parker adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri n'kupeza kuti kuyendetsa maso sikunkawonjezera kanthu; mu 2013 Lee ndi Cuijpers adapeza kuti kumawonjezera ndithu. Akatswiri a ku Utrecht adapereka tanthauzo lomveka: maganizo a munthu sangathe kusenza ntchito ziwiri zolemera nthawi imodzi, choncho akatanganidwa ndi kutsatira chala, chithunzi choopsacho chimazilala. Apa ndi pamene ndikufuna owerenga aonetsetse. Ngati tanthauzoli ndi loona, mphamvu ili m'kuyenda kwa maso, pamene Brainspotting imawaimitsa. Mwana sangabwereke satifiketi ya kholo lake, makamaka atasiya chinthu chenichenicho chimene kholo lidayesedwa nacho.

Ena amati, nanga kuyang'ana kandodo kungapweteke ndani? Mbiri ya uphungu ili ndi chenjezo. Padali nthawi imene opulumuka ngozi ankasonkhanitsidwa patangopita masiku ochepa kuti asimbe zonse mwatsatanetsatane pa mkumano umodzi, ndipo aliyense ankaona kuti n'zanzeru ndi zachifundo. Njirayo itayesedwa bwino idapezeka kuti siteteza ku PTSD, ndipo kwa ena idakulitsa vuto, moti World Health Organization imalangiza kuti isagwiritsidwe ntchito. Kutsegula bala la mumtima ndi ntchito yofuna wodziwa kulitseka. Palinso ndalama ndi miyezi zimene zimatha, komanso mtima wa munthu amene adalonjezedwa kuchira msanga, akalephera n'kuyamba kuganiza kuti vuto ndi iyeyo.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mabala otere tili nawo, pamene othandiza ndi owerengeka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha kummwera mudafa anthu mazanamazana. Alipo ana amene mpaka pano mvula ikayamba kugunda pamalata amanjenjemera. Chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God sizingafikire onse, choncho kwacha iliyonse yophunzitsira alangizi iyenera kupita kumene kuli umboni, ndipo umboniwo uli pafupi. Ku Lusaka, kafukufuku wotuluka mu 2015 adatenga ana 257 amene adakumana ndi zoopsa. Amene adalandira CBT kwa alangizi wamba ophunzitsidwa bwino zizindikiro zawo zidatsika ndi pafupifupi 82 pa 100 iliyonse, pamene kwa anzawo amene sadalandire CBT zidatsika ndi 21. Ku Harare, Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo kupereka uphungu pabenchi kunja kwa chipatala, ndipo njirayi, yotchedwa Friendship Bench, itayesedwa pa anthu 573 mu kafukufuku wotuluka mu 2016, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa adatsika moonekeratu. Njira zimenezi zidalola kuikidwa pasikelo, pakati pa anthu okhala monga ife, ndipo zidapambana.

Amene amakhulupirira Brainspotting achite chimodzimodzi: aipereke kwa ofufuza amene alibe phindu pa iyo, ndipo ikapambana tidzailandira ndi manja awiri. Kufikira tsikulo, a Unduna wa Zaumoyo, mabungwe ndi mipingo amene amalipirira maphunziro a alangizi ayambe ndi njira zoyesedwa kale. Ndipo inu amene mukusowa tulo chifukwa cha zimene mudaona, pitani kuchipatala chapafupi mukafotokoze, ndipo amene angakulonjezeni kuchira ndi kandodo mumufunse kuti njira yakeyo idayesedwa kuti, pa anthu angati, ndipo adaiyesa ndani.