Anachira korona, nanga mtima wawo?

Amalume anga anatuluka m'chipatala mu Febuluwale 2021, ndipo kwathu tinapha nkhuku. Tinati achira. Pa 12 Januwale chaka chomwecho nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinali zitamwalira tsiku limodzi ndi nthenda yomweyo ya korona. Choncho aliyense wobwerako wamoyo tinkamuona ngati wapulumuka m'kamwa mwa ng'ona.

Lero bambo amene ankapalasa njinga kuchoka ku Chirimba mpaka ku Limbe satha kukwera kachitunda osaima kawiri. Mtima umagunda ngati ng'oma ali chikhalire, mapazi amatupa kukamada. Atapita kuchipatala china anawapatsa panado nkuwauza kuti ndi ukalamba. Achibale ena ayamba kale kuloza chala azakhali akumudzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsa funso lapafupi: kodi munadwalapo korona?

Amalawi anzanga, funsoli si lachibwana. Mu 2022 magazini ya zachipatala ya Nature Medicine inafalitsa kafukufuku wa Dr Ziyad Al-Aly ndi anzake a ku St. Louis, ku America. Iwo anatsatira asilikali opuma pantchito oposa 150,000 amene anadwala korona nachira, nawayerekeza ndi anzawo amene sanadwale. Anapeza kuti m'chaka chotsatira, chiopsezo cha kufooka kwa mtima chinali chokwera ndi 72 peresenti, cha sitiroko ndi 52 peresenti. Chinakwera ngakhale kwa amene anangodwalira kunyumba, koma makamaka kwa amene anagonekedwa.

Tinene chilungamo, ambiri mwa anthuwo anali azibambo achikulire, ndiponso anadwala katemera asanafalikire. Ochira ambiri mitima yawo ili bwinobwino. Sindikufuna kuopseza munthu. Koma chifukwa chake nchomveka: kachilomboka sikathera m'mapapo mokha. Kamatupitsa mkati mwa mitsempha ya magazi, kamachititsa magazi kuundana, ndipo mwa ena kamatupitsa mnofu wa mtima weniweniwo. Chifuwa chimatha, koma chipsera chimatsala kumene maso saona.

Tsono taganizani nthenda yotere ikugwera dziko lomwe kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa nkomwe. Uku nkuthira mchere pabala.

Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti korona salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. Ife tinamva ngati akuti nkhani yatha. Zidebe zosambira m'manja zinabwerera kukhitchini, ndipo ochira tinawaiwala. Za K6.2 biliyoni ya korona imene inavuta kulongosola mu 2021 ndiye sindiyamba, tsamba lingandithere.

Chimene ndikupempha Unduna wa Zaumoyo sichifuna mabiliyoni. Munthu akafika pachipatala chaching'ono akudandaula befu, kupweteka pachifuwa kapena kutupa miyendo, afunsidwe za korona, ayezedwe BP ndi kagundidwe ka mtima, zilembedwe m'kabuku kake kakuchipatala. Wokayikitsa atumizidwe kukaunikidwa mtima ku Gulupu, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Kodi mabatire a kamakina koyezera BP angasaukitse boma?

Nanu abale amene munadwalira ku Johannesburg kapena ku London nkubwerera kumudzi, musasiye mapepala akuchipatala m'sutikesi. Aonetseni adokotala. Ndipo ululu wa pachifuwa ukamatsikira kumkono kapena kunsagwada, kaya mbali imodzi ya thupi ikachita dzanzi mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche.

Amalume ndawapezera tsiku lokaunikidwa mtima sabata yamawa. Akukana, akuti ndalama ya minibasi ingagule matemba a masiku awiri. Ndawauza kuti ndilipira ndine.