Chidindo cha "Alien" pa Chitupa cha Mbadwa ya ku Glen Norah

Mawu a Chingerezi akuti "alien" anachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza chinthu cha mwini wina. Mtanthauziramawu aliyense wabwino amawapatsa matanthauzo angapo: munthu wa dziko lina, chinthu chachilendo chosagwirizana ndi chikhalidwe cha munthu, chomera kapena nyama yochokera kunja, ndiponso cholengedwa cha kumlengalenga, monga chilombo cha mu kanema wa Ridley Scott wa mu 1979. Ophunzira chinenero amakonda mndandanda woterewu, ndipo aphunzitsi awo amawauza kuti tanthauzo lililonse lili ndi khola lake. Akatswiri a malamulo nawo amati pa chitupa cha boma mawuwa ndi ozizira, sanyoza munthu, amangosonyeza kuti mwini chitupacho si nzika. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo umboni wake uli ku Glen Norah, kumwera chakumadzulo kwa Harare, moyandikana ndi Highfield ndi Glen View.

M'makomboni amenewa muli zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland pa nthawi ya atsamunda, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, kukagwira ntchito m'migodi, m'minda ya fodya ndi m'mafakitale a Salisbury. Amene sanabwererenso kwawo anatchedwa machona, ndipo Zoe Groves analemba mbiri yawo m'buku la mu 2020. Atsamunda ankawalemba m'kaundula ngati "alien natives", mawu awiri otsutsana okha: eni nthaka amene ali obwera. Ufulu wa mu 1980 unachotsa liwu lachiwirilo, koma loyambalo linatsalira, n'kudindidwa pa zitupa za ana ndi zidzukulu zobadwira m'zipatala za Harare, zoyankhula Chishona kuposa Chichewa, zosaudziwa n'komwe msewu wa ku Dedza.

Apa m'pamene mfundo ya akatswiri a malamulo ikugwera. Tanthauzo la lamulo likanakhala lokhalo logwira ntchito, chidindocho chikanagwera alendo enieni basi. Koma mu 2001 boma linasintha lamulo la unzika, ndipo ofesi ya Tobaiwa Mudede, mkulu wa kalembera pa nthawiyo, inalitanthauzira kuti aliyense amene kholo lake linabadwira kunja ayenera kukana unzika wa dzikolo motsata malamulo a dziko lomwelo, asanafike pa 6 Januwale 2002. Munthu ankauzidwa kuti akataye chinthu chimene sanachigwirepo m'manja. Ambiri sanamve n'komwe za lamuloli, ena analibe ndalama kapena mapepala a makolo awo. Chisankho cha mtsogoleri wa dziko chinachitika mu Malichi 2002, ndipo ambiri mwa iwo sanaloledwe kuponya voti. Nthawi yake yokha ikusonyeza kuti mawuwa sanali ozizira: anthu a m'matauni ndi ogwira ntchito m'mafamu ankaganiziridwa kuti akonda chipani cha MDC.

Tanthauzo la zomera ndi limene limaulula zambiri. Akatswiri a zachilengedwe amatchula namasupuni kuti ndi "alien", ndipo sanama: anachokera ku South America, ndipo wavutitsa nyanja ya Chivero, kumene Harare amatunga madzi ake, monganso wavutitsira mtsinje wa Shire. Chomera choterechi sachifunsa maganizo, amangochizula. Koma jakaranda amene amakongoletsa misewu ya Harare mu Okutobala nayenso kwawo ndi ku South America, ndipo palibe amamufunsa chitupa. Chimanga chenichenicho, mwini nsima ndi sadza, n'chobwera kuchokera ku Mexico. Zikuoneka kuti liwuli silifunsa kumene chinthu chinachokera. Limafunsa ngati eni mphamvu akuchifuna lero. Mu 2005, pa ntchito yogumula nyumba ya Murambatsvina, dzina lotanthauza kukana zonyansa, anthu a m'makomboni anauzidwa kuti abwerere kumudzi. Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, anapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, kapena popezera chakudya, kapena zonse ziwiri. Mzezuru anali ndi mudzi wothawirako, ngakhale wosauka. Mdzukulu wa mtchona mudzi wake unali chipinda chomwecho chimene chinagwetsedwa.

Nalonso tanthauzo la cholengedwa chosakhala munthu weniweni linalowa m'ndale. Kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mitupo, kutanthauza ziwongo. Kwa Mshona, wopanda mutupo ndi munthu wopanda makolo, wosadziwika poika maliro ake. Chipongwecho chinalinso umbuli, pakuti amene ankanenedwawo ndi a Phiri, a Banda, a Mbewe ndi a Mwale, anthu amene pothokozana amatchulana ziwongo kumene. Mayina onyoza a m'misewu, monga mabhurandaya, ochokera ku dzina la Blantyre, ndi mabwidi, anali alipo kale. Chimene liwu la Chingerezi linawonjezera ndi ulemu wa ofesi: chipongwe chomwecho, koma chovala tayi ndi chodinda.

Komatu dziko lomwelo linkavina nyimbo za Alick Macheso, amene amaimbanso m'Chichewa, ndipo linapatsa Benjani Mwaruwari, mwana wa makolo a ku Malawi, udindo wotsogolera timu ya Warriors. Jakaranda uja ndi ameneyu.

Omasulira a Chichewa nawo ali ndi mlandu wawo. Akakumana ndi liwuli amathamangira kulemba kuti mlendo, ndipo potero amalitsuka. Mlendo wa Chichewa amayalidwa mphasa ndi kupheredwa nkhuku. Akuluakulu amati ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiponso kuti ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Munthu wa chidindo chija sanayalidwepo mphasa, ndipo sangakamuke ngati mame chifukwa alibe kopita. Mawu akuti obwera ayandikirako, pakuti ku Malawi komweko amaluma, monga akudziwira Alomwe amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kudzagwira thangata ku Thyolo ndi ku Mulanje. Koma nawonso sakwanira, chifukwa wobadwira ku Glen Norah sanabwere kuchokera kwina kulikonse. Kusowa kwa liwu loyenera sikupereka chilolezo chosankha liwu lokoma. Ndi bwino kulisiya m'Chingerezi chake, kuti wowerenga aone kuti ndi katundu wa muofesi ya atsamunda.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anakonza zambiri. Ndime 43 inati munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanasindikizidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye n'kukhala akukhala momwemo, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 6 inaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma. Motero munthu ankatha kuyankhula chinenero cha boma kunyumba kwake, m'thumba muli chitupa chomutcha wakunja, pakuti chitupacho sichinasinthike chokha: mwini wake anayenera kukaima pa mzere ku ofesi ya kalembera, atanyamula chikalata cha kubadwa chimene ambiri analibe. Mu 2017 panafunika chigamulo cha khoti lalikulu kuti eni zitupa zoterezi, akaonetsa chikalata cha kubadwa, aloledwe kulembetsa m'kaundula wa voti. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linapezabe zidzukulu za ogwira ntchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia zopanda unzika wa dziko lililonse, ana awo akulephera kulemba mayeso a boma chifukwa mayi wopanda chitupa sakanatha kulembetsa kubadwa kwa mwana wake.