Mankhwala atsopano a khansa ya asibesitosi asaiwalitse anthu za fumbi

Nyumba zambiri za m'makomboni zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi. Malatawa akasweka kapena akamadulidwa ndi sowo amatulutsa fumbi la tiulusi tosaoneka ndi maso. Tiulusiti tikalowa m'cifuwa tingayambitse khansa ya mesothelioma, imene imagwira kacikopa kokuta mapapo. Matendawa amaonekera patapita zaka 20 mpaka 50.

Kuti khansa ikule, maselo ake amafunika kupanga mapuloteni ambiri. Ndiye cifukwa cake madotolo akuyesa kuletsa nchito imeneyi. Mu 2024, gulu la Profesa Peter Szlosarek wa ku Queen Mary University of London linafalitsa zotsatira za mankhwala a ADI-PEG20. Mankhwalawa amacotsa arginine m'magazi. Arginine ali ngati njerwa yomangira mapuloteni, ndipo maselo ambiri a khansayi satha kumupanga okha. Pa odwala 249, amene analandira mankhwalawa pamodzi ndi akale a khansa anakhala moyo pafupifupi miyezi 9.3, pamene anzao anakhala miyezi 7.7.

Iyi ndi nkhani yabwino, koma isanamize munthu. Mwezi umodzi ndi theka si kucira. Cida cimene banja lili naco m'manja lero ndi kupewa fumbi.

Malata amene ali bwino asiyidwe mmene alili. Asakwecedwe ndi bulashi yawaya ndiponso asabooledwe popanda cifukwa. Ofunika kucotsa ayambe anyowetsedwa ndi madzi, ndipo ana asamasewere ndi zidutswa zake. Dziko la South Africa linaletseratu asibesitosi mu 2008 cifukwa ca matenda omwewa.

Cina n'cakuti zizindikiro za mesothelioma zimafanana ndi za TB: kupuma movutikira, kuwawa m'cifuwa, kuonda ndi madzi odzaza m'cifuwa. Acikulire amene anali amisiri omanga, kapena anagwirapo nchito ku migodi ya Shabanie ndi Mashaba ku Zimbabwe, ayenera kuuza a ku cipatala za nchitoyo ngakhale asanafunsidwe. Ngati mankhwala a TB sakuthandiza, wodwala abwerere kukapimidwanso. Odwala khansa amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka.

Asayansi apitirize kufufuza, koma mwana amene sanapume fumbi lero sadzadikira mankhwala ao mawa.