Foni ikhale wantchito, bwana wa ulendo ndi inu

Abale ndi alongo a geni yodutsa m'maboda,

Pali chizolowezi chimene chakula m'gulu lino, ndipo enafe sitikugwirizana nacho. Munthu watsopano akafunsa kuti, "Ndikupita koyamba ku Durban kukaoda katundu, pobwerera ndidzere kuti?" mayankho amangogwa ngati mvula: "Tsegulani Google Maps, akulu, ikufikitsani." Wina akatchulako mapu apepala amasekedwa, ati ndi wa nthawi ya Kamuzu, ati tsobola wakale sawawa. Ife amene takalambira pamsewu umenewu tikuti malangizo oterewa ndi aulesi. Munthu wakongola ndalama kubanki m'khonde, wasiya ana kunyumba, wadzaza galimoto ndi katundu wa mamiliyoni, inu n'kumuuza kuti apereke zonsezo m'manja mwa kamawu ka m'foni?

Timveke bwino, foni sitikudana nayo. Tonse tili nayo ndipo timaigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Chimene tikukana n'chakuti foni ikhale ndiyo yosankha njira ya ulendo wa makilomita oposa 2,000, kuchokera ku Umhlanga mpaka ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kudutsa maiko anayi.

Tiyambe ndi chimene ambiri amasokoneza. GPS ndi mapu a m'foni ndi zinthu ziwiri. GPS ndi makina a dziko la America amene akuzungulira kumwamba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000. Foni ikamva anayi mwa makinawo, imadziwa pamene mwaima, ndipo pa ntchito imeneyi sifuna bandulo. Mbali iyi njodalirika, sitikutsutsa. Koma kudziwa pamene mwaima si kudziwa njira. Njira imachokera pa mapu amene kampani inajambula, ndi masamu amene amangofunsa funso limodzi: msewu wofulumira ndi uti? Funso lathu a geni ndi lina: msewu umene ndikafike ndi katundu yense, mapepala ali bwino, moyo uli m'thupi, ndi uti? Pamenepo ndi pamene timasiyana ndi foni.

Choyamba, foni sidziwa chimene mukuyendetsa. Google Maps imakuwerengerani ngati muli pa kagalimoto kakang'ono kopanda katundu. Sidziwa kuti mwakoka thirela, kuti pamwamba mwamangirira matiresi ndi mafiriji, kuti matayala alemedwa. Siifunsa kutalika kwa galimoto yanu musanalowe pansi pa mlatho wa njanji. Taonani azungu oyenda ndi magalimoto okhala ngati nyumba aja, amene timawapeza pa Beitbridge kapena ku Cape Maclear, mkati muli bedi ndi khitchini. Ndalama zogulira makina abwino ali nazo, komabe mukasuzumira kutsogolo mupeza buku la mapu. Ngakhale kampani ya Tracks4Africa, imene imawapangira mapu a GPS, imagulitsanso mapu apepala. Iwo akudziwa kuti galimoto yaitali ndi yolemera ikalowa msewu wolakwika, potembenukira pamasowa. Nanga ife amene galimoto yanyamula mpamba wonse wa banja, tidzionetse ochenjera kuposa iwo?

Chitsanzo chili pakhomo penipeni pa Durban. Ena, pofuna kupulumutsa malandi, amauza foni kuti ipewe ma tolo geti. Ikatero imakuchotsani pa N3 kuti musalipire pa Mariannhill, n'kukuponyani pa M13, msewu wodzera pa chitsetse cha Fields Hill ku Pinetown. Pansi pa chitsetse chimenecho ndi pamene thiraki inawomba magalimoto mu September 2013, anthu oposa 20 n'kufa. Sitikuti foni ndiyo inachititsa ngoziyo, ayi. Tikuti foni sikuuzani kuti mabuleki a galimoto yodzaza amatentha pamalo ngati amenewo. Kwa iyo msewu ndi mzere wabuluu basi.

Chachiwiri, foni sidziwa za boda. Mukaima pa Gateway ku Umhlanga n'kuyang'ana kumpoto, pali njira ina yokopa maso: N2 mpaka kupatukira ku Kosi Bay, kulowa Mozambique pa Ponta do Ouro, kuwoloka mlatho wa Maputo-Katembe umene unatsegulidwa mu 2018, kenako kukwera ndi msewu waukulu wa dzikolo kudzera Xai-Xai, mtsinje wa Save, Inchope, Chimoio mpaka Tete. Pa sikirini zimaoneka zokongola, maboda achepa, Zimbabwe mwaizemba. Koma foni sikuuzani kuti chipata cha Kosi Bay chimatseka madzulo, pamene Beitbridge imagwira usiku wonse. Sikuuzani ngati ejenti wanu ali ndi munthu pachipatapo, kapena ngati mapepala a katundu wanu analembedwa kuti atulukire pamenepo. Sikumbukira kuti m'zaka za 2013 ndi 2014, komanso 2016, magalimoto ankayenda pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali pakati pa Save ndi Muxungue chifukwa cha kuwomberana kwa boma ndi Renamo. Zamtunduwu amadziwa ndi anthu, osati makina.

Ndipo kwa onyamula katundu wongodutsa m'dziko, njira si nkhani ya kukonda kwanu. Ku Zimbabwe a ZIMRA amamata zida zolondolera pa mathiraki ambiri a katundu wodutsa, ndipo kupatuka pa msewu wovomerezeka kuli ndi chindapusa. Dalaivala akadzati, "Foni ndiyo inandiuza kuti apa n'pachidule," palibe ofisala amene adzamve zimenezo. Chindapusacho Google sidzakulipirirani.

Chachitatu, foni sidziwa mantha. Mu 2023 ku Cape Town, alendo angapo anachitidwa chipongwe m'dera la Nyanga, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo zitavuta a Google anasintha kuti mapu awo asamalondolerenso anthu kumeneko. Onani ndondomeko yake: anthu anayamba avulala, mapu n'kukonzedwa pambuyo. Ndiye ngati zinatero kwa alendo a maiko olemera amene nkhani zawo zimatuluka pa wailesi za dziko lonse, Mmalawi wa nambala yachilendo, katundu ali poonekera, atalowetsedwa m'komboni usiku chifukwa foni yaona kuti apulumutsa mphindi zisanu, adzamulankhulira ndani? Tonse tikudziwa mmene zinthu zimakhalira kwa obwera nthawi zina ku Joni. Msewu waukulu ungakhale wautali, koma uli ndi magetsi, apolisi ndi malo omwetsera mafuta.

Chachinayi, foni imafa. Batire imatha, chaja imapsa, foni imatentha padzuwa n'kuzima yokha, imagwa, imabedwa. Simu ya ku South Africa ikangowoloka Limpopo imayamba kudya ndalama ngati moto wolusa, kapena kungoti zii. Pakati pa Mutoko, Nyamapanda ndi Changara pali malo amene netiweki imasowa. Komanso boma likafuna limatseka. Ku Zimbabwe intaneti inatsekedwa mu January 2019 pa zionetsero za kukwera mtengo kwa mafuta. Ku Mozambique, chitachitika chisankho cha October 2024, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa, misewu inkatsekedwa, ndipo ngakhale chipata cha Lebombo chinatsekedwapo. Taganizani bwino: tsiku limene mukufunitsitsa kudziwa njira ina ndi lomwelo limene foni imakhala chete. Pepala silifuna bandulo, ndipo palibe nduna imene ingalizimitse.

Anzathu otitsutsa amati, "Koma foni imadziwa msewu ukatsekedwa, pepala silidziwa." Apa pali choona, ndipo sitibisa. Mu Durban kapena pa N3 foni imadziwa msanga, chifukwa imawerenga mayendedwe a mafoni ena ambirimbiri amene ali pamsewupo. Koma kumene mafoni otere ali ochepa, nayonso imakhala mumdima. Namondwe Ana atagumula mlatho wa Revubue pakati pa Tete ndi Moatize mu January 2022, uthenga wodalirika wa kumene kukudutsika unali m'kamwa mwa madalaivala. Ndipo msewu ukatsekedwa, funso limakhala lakuti, tsopano tidzere kuti? Pamenepo foni imangokankhira aliyense m'timisewu tating'ono tapafupi, thiraki ndi kagalimoto chimodzimodzi. Pepala mukalitambasula pa boneti mumaona dziko lonse nthawi imodzi. Van Reenen's Pass ikatsekedwa, monga zinachitikira ndi chipale chozizira mu September 2024 anthu n'kugona pamsewu, wodziwa mapu amadziwa kuti palinso N11 yodzera Ladysmith ndi Newcastle, ndipo amayamba wafunsa ngati ili yotsegula asanafike pothinana. Mu July 2021, mathiraki atawotchedwa pa Mooi River, N3 inatsekedwa masiku angapo. Mu April 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal ndi kuononga misewu ndi milatho, kuphatikizapo M4 kumpoto kwa Umhlanga. Msewu wathuwu si wa njira imodzi, ndipo munthu amene sadziwa mmene misewu inalumikizirana amangokhala ngati mbuzi yokokedwa pachingwe.

Amatinso, "Mapu apepala amakalamba." Zoona ndithu. Mu Durban maina a misewu anasintha: West Street ndi Dr Pixley KaSeme, Smith Street ndi Anton Lembede, Grey Street kumene timagula nsalu ndi Dr Yusuf Dadoo, Point Road ndi Mahatma Gandhi. Pa N1, Pietersburg ndi Polokwane, Messina ndi Musina, Warmbaths ndi Bela-Bela. Buku la mapu la agogo lingakusokeretseni. Koma mankhwala ake n'kugula buku latsopano, monga la MapStudio, osati kuyenda opanda kanthu. Ndipo maina amapusitsanso foni. Lembani "Mwanza" mothamanga, ikhoza kukupatsani mzinda wa ku Tanzania, m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Heidelberg alipo wa pa N3 pafupi ndi Johannesburg, aliponso wina ku Western Cape. Munthu amene anaonapo mapu amazindikira pompopompo kuti apa zalakwika. Amene sanaonepo amangoliza injini.

Apa ndiye pagona nkhani. Choopsa chachikulu si foni, koma dalaivala amene mutu wake mulibe mapu. Tikuona anyamata amene ayenda ku Joni kakhumi, koma mutawafunsa kuti pakati pa Masvingo ndi Harare pali matauni ati, amangoseka. Munthu wotere galimoto ikafa usiku sangathe n'kufotokoza komwe pamene ali kuti thandizo limupeze. Madala amene anatiphunzitsa geniyi ankatchula njira ngati akuwerenga ana awo: Pietermaritzburg, Mooi River, Harrismith, Johannesburg, Pretoria, Polokwane, Musina, Beitbridge, Masvingo, Chivhu, Harare, Mutoko, Nyamapanda, Cuchamano, Changara, Tete, Moatize, Zobue, Mwanza. Wa ku Lilongwe ankadziwa kuti akadutsa Moatize ayembekezere mphambano ya ku Angonia, kukatulukira Calomue ndi Dedza. Nzeru imeneyo ndi chuma, ndipo tikuitaya mwadala.

Choncho wina akadzafunsanso za njira, timuuze izi.

Njira isankhidwe musananyamuke, pa mapu aakulu, mogwirizana ndi mapepala a katundu ndi ejenti wanu. Lembani m'kope matauni motsatana, manambala a misewu, maboda, pomwetsera mafuta ndi pogona. Kopelo likhale kutsogolo, lina musiyire akunyumba kuti adziwe pokufunani.

Foni igwire ntchito imene imaitha: kukupezerani sitolo, nyumba yosungira katundu kapena malo ogona mkati mwa mzinda, ndi kukuchenjezani za kuthinana kwa magalimoto. Muli pa Wi-Fi ku Durban, tsitsirani mapu a zigawo zonse za ulendo kuti azigwira popanda intaneti. Tengani chaja yachiwiri.

Ikakuuzani kuti mupatuke pa msewu waukulu, makamaka usiku, musamvere msanga. Imani pa malo omwetsera mafuta, yang'anani pepala, funsani. Za ma tolo geti lipirani, konzeranitu ndalama zake. N'zotchipa kuyerekeza ndi thirela yogudubuzika.

Za lero funsani anthu a lero: madalaivala a mathiraki ndi mabasi amene angochokera kumene mukupita. Safunsa anadya phula. Nthawi zotsegulira ndi kutsekera maboda muzitsimikize sabata yomweyo, chifukwa zimasintha.

Manambala ofunika, a ejenti, a mwini galimoto, a kunyumba, alembedwenso papepala. Foni ikabedwa imapita ndi zonse.

Amayi amene mumakwera basi kapena kutumiza katundu pa thiraki, musati izi sizikukukhudzani. Mufunseni dalaivala kuti adzera boda iti ndipo agona pati. Akayankha kuti "tiona mmene foni inenere", katundu wanu musakweze.

Ndipo inu akuluakulu a m'gulu lino, amene mawu anu achinyamata amawamvera, lekani kuyankha funso la moyo wa munthu ndi mawu atatu. Ngati njira mukuidziwa, ilembeni yonse, boda ndi boda. Ngati simukuidziwa, siyirani odziwa. Amene akufuna kutiseka kuti ndife achikale atiseke, koma ayambe watiuza kuti foni yake itazima pa Changara dzuwa litalowa, angalowere kumanja kapena kumanzere.